M'thobwa Sathiramo Mchere

Amuna anga a Valentim anabwerako kutchire atanenepa, ndipo kunenepa kumeneko kunatsala pang'ono kundithetsera banja.

Chinali chaka cha 1988, ife tili ku Mandimba. Kwathu ndi ku Ngauma, kumene tinkalima chimanga ndi fodya, koma nkhondo itafika pakhomo tinathawa ndi zovala za m'thupi, n'kudzamanga kachisakasa kuseri kwa msika, pafupi ndi asilikali. Ana athu awiri, Agnesi ndi wotsatira wake, ndinawaolotsa malire, ndinakawasiya kwa mayi anga aang'ono ku Malawi. M'kachisakasamo tinatsalamo atatu: ine Margarida, amuna angawo, ndi mlongo wawo wamkulu, alamu anga a Anastaziya, amene amuna awo anafera panjira pothawa paja.

Mvula yoyamba itagwa, a Valentim manja anayamba kuwayabwa. Anati akangoona munda kwathu, akumbeko chinangwa, tsiku lachitatu abwera. Ndinawaletsa mpaka mawu kusasa, koma mwamuna akati wapita, mkazi umangolankhula ndi mtondo. Anthu amfuti a m'tchire anawapeza m'mundamo n'kuwasenzetsa katundu. Masiku atatu aja anasanduka miyezi isanu.

M'miyezi imeneyo ine ndinkadya za manja anga. Thobwa ndimalidziwa, ndisadzichepetse pachabe. Mayi Zainabo, akazi a bambo Sulemane ogulitsa nsomba zouma za ku Amaramba, anali ndi nyamakazi m'zala moti mthiko sankaugwira bwino, ndiye anandiitana kuti ndiziwaphikira thobwa logulitsa pamsika. Mawere anali awo, ntchito inali yanga. Poweruka ndinkabwerako ndi kaufa m'nsonga ya chitenje changa cha kapulana, masiku ena ndi tinsomba tiwiri timene a Sulemane ankandiponyera m'lichero osandiyang'ana n'komwe. Alamu anga tinsombato ankadya ndi mitu yomwe, osafunsa kanthu.

Chimanga chitayamba kuuma m'minda, tsiku lina masana asilikali awiri anabwera akukankha njinga, panjingapo atamangirirapo munthu. Anati amutola m'mphepete mwa msewu akukwawa, ndipo dzina limene anatha kutchula ndi langa. Ndinawazindikirira khutu lawo lamanzere, limene linang'ambidwa ndi waya ali mwana. Kwina konse sanali iwo. Mapazi anali atatupa mpaka zala kuoneka ngati zochita kumatapo. Khungu la m'khosi ndi kunja kwa manja linali lakuda, losupuka ngati lapsa ndi moto. Pakamwa panali zilonda zokhazokha, lilime lofiira ngati nyama yaiwisi, ndipo m'mimba munkangotseguka. Ndinalira, ndinaseka, ndinagwada pansi kuthokoza Mulungu ndi asilikali omwe. Kenako ndinathamanga kukawaphikira tinsomba, n'kuthiramo kamchere komaliza kamene ndinkasunga m'kabotolo. Anangonyambitako msuzi, nkhope n'kukwinyika ndi ululu.

Kutacha, nkhope yawo inali itatupa, maso atatsala timing'alu. Alamu anga anagwada pambali pa mphasa, anadina mwendo wa mchimwene wawo ndi chala, n'kuchotsa. Dzenje linatsala pomwepo osabwerera. Analiyang'ana nthawi yaitali dzenjelo, kenako anayang'ana ine.

"Alamu," anatero mofatsa, "nsomba zija munkabwera nazo miyezi yonseyi, munkagula ndi chiyani?"

Poyamba sindinamve. Kenako ndinazindikira kuti akundinena ndi a Sulemane.

Kwathu palibe amene sadziwa za mdulo. Mkazi akayenda ndi mwamuna wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, amamudula. Wodulidwayo amatupa miyendo ndi nkhope, ndipo ngati mkaziyo saulula kuti apezerwe mankhwala, amafa. Ine ndinakula ndikumva zimenezi, ndipo sindikunama, ndinkazikhulupirira. Chimene ndinkadziwa n'chakuti ine sindinayende ndi munthu.

"Anabwera ali otupa kale!" ndinakuwa. "Simunawaone panjinga paja?"

"Anabwera otupa mapazi. Nkhope yatupa lero, atalawa mchere wako." Ulemu wa inu unathera pomwepo. "Ulula, Margarida, tikadali ndi nthawi. Mchimwene wanga akafa, wamupha ndiwe. Ndipo ana ako ndikawauza ndekha ndi pakamwa pangapa kuti bambo awo anathawa mfuti n'kudzafera m'mbale ya mayi awo."

Ndinatembenukira kwa amuna anga. Kulankhula sankatha, koma mutu akanatha kupukusa. Anandiyang'ana pang'ono ndi timaso tija, n'kutembenukira kukhoma. Chimenecho chinandipweteka kuposa mawu onse a alamu anga.

Kuyambira tsikulo anandiletsa kukhudza mphika, mbale, ngakhale chipande cha m'nyumbamo. Mphasa yanga anaitulutsa panja pansi pa tsindwi. Nkhani inali m'kamwam'kamwa m'zisakasa zonse, chifukwa anthu othawa nkhondo alibe minda yoti akalime, ndiye amalima anzawo. Kuchitsime ndikafika, amayi ankasiya nkhani n'kuyamba kutsuka zidebe zoyera kale.

Ndisawanamizire alamu anga, mchimwene wawo ankamukonda. Anagulitsa bulangete lawo lokhalo kuti apeze mchere ndi nsomba, n'kumathira mcherewo ndi dzanja lawo la mkazi wamasiye, lopanda chifukwa. Koma chakudya cholimba sichinkadutsa pakhosi. Akapanga phala, kuti lidutse ankalisungunula ndi madzi mpaka kukhala ngati otsukira mbale, ndipo linkangolowa n'kutuluka. Mizu imene anakaipeza kwa sing'anga inali yowawa, ikafika pazilonda zija munthu ankachita kunjenjemera thupi lonse. Ine ndinkasuzumira pamng'alu wa udzu ndikuona amuna anga akutha. Tsiku lachisanu ndinatsala pang'ono kuvomera bodza. Ndinaganiza kuti ndingoti inde ndinachita, andinyoze, anditche maina onse, bola andilole kulowa ndikawagwire dzanja asanafe. Chinandigwira pakamwa ndi nkhope za ana anga.

Ntchito kwa mayi Zainabo sindinasiye, chifukwa mimba siidziwa manyazi. Unali mwezi wa Ramazani, Asilamu akumanga, ndipo thobwa linkafunika lambiri loti anthu azimasulira dzuwa likalowa.

Amene sanapangepo chimera amaganiza kuti ndi ufa wamba. Umaviika mawere m'madzi tsiku lathunthu, n'kuwatsanula, n'kuwayala m'dengu, pamwamba n'kufunditsa masamba a nthochi. M'mawa uliwonse umawaza timadzi ndi dzanja, osati kuthira ayi, kuwaza. Tsiku lachitatu ukapisa dzanja umamva kufunda, ukavundukula umapeza timizu toyera titagwirana. Ukachedwa tsiku limodzi chimawawa, ukafulumira sichikhala ndi mphamvu. Umayanika padzuwa mpaka chiume gwa, kenako umapera pamphero. Ndiye umaphika phala lolimba loti mthiko uimirire wokha, n'kulisiya lizizire mpaka chala chizipirira. Ukathiramo chimera chodzaza dzanja n'kutakasa, phala lija limasungunuka ukuona, osathiramo dontho la madzi, n'kuyamba kutsekemera popanda shuga. Chakudya chonse chimakhala chili momwemo, koma chimayenda ngati madzi. Mayi anga ku Ngauma ankapatsa limeneli amayi ongobereka kumene ndi odwala zilonda zapakhosi, ankati chimera chimaziziritsa m'thupi. Ine zonsezi ndinkazidziwa, ndipo n'zimene zinkandidya mtima: ndinkatakasa mbiya yathunthu ya anthu a pamsika, amuna anga akufa ndi njala kuseri kwa msika womwewo.

Tsiku lina mayi Zainabo anandipeza ndikutakasa ndikulira.

"Mwanawe, misozi ikugwera m'thobwa langa. Anthu adzati ndayamba kuthira mchere."

Ndinawafotokozera zonse ndikuyang'ana pansi, chifukwa mwamuna amene ankanenedwayo anali wawo. Ndinkayembekeza kuti andithamangitsa. Koma iwo anaseka mpaka kugwira khoma.

"A Sulemane? A Sulemane anga omwewa, amene amapuma kawiri pokwera njinga? Astaghafirullah! Akamva adzayenda chonyada sabata yathunthu."

Kuseka kutatha, nkhope inasintha. Anati nkhaniyo anali ataimva kale kuchitsime, ankangodikira kuti ndiyambe ndine. Anati nthenda ya mdulo nawonso Ayao amaidziwa, amaitcha ndaka, ndipo nayonso imayenda ndi mchere womwewo. Atatero anaima, akuyang'ana m'mbiya muja.

"Iwe, tandiuza. M'thobwa umathira mchere?"

"Mchere m'thobwa? Ndani wamisala angachite zimenezo?"

"Ndiye ukulira chiyani? Tunga lam'mawali, lisanayambe kuwawasa. Liwiritsenso, ulisefe pansalu. Tiye."

Ananyamula okha kaneka, kapu ya thobwalo, ndi zala zawo zopindikazo, ine ndikutsatira pambuyo ngati mbuzi yogulidwa. Alamu anga tinawapeza pakhomo akusenda mizu. Ataona amene wabwera, anaimirira n'kutseka khomo ndi thupi lawo.

"Chochokera m'manja mwa uyu sichilowa muno."

"Mwaswera bwanji, mayi," anatero mayi Zainabo, ngati abwera kudzacheza. "Ine ndine mkazi wa mwamuna amene mukumunenayo, ndiye nkhaniyi ndi yanganso. Za amuna anga tikamba tsiku lina. Lero mungondiphunzitsa, popeza ine ndine wa mpingo wina: kwanuko mdulo umalowa m'thupi ndi chiyani?"

"Ndi mchere. Ndani sadziwa?"

"Osati ndi madzi?"

"Ayi."

"Osati ndi mawere?"

"Ndati ndi mchere!"

"Ndiye lawani ichi. Ine ndamanga, sindingalawe. Mukamvamo mchere ngakhale kambewu kamodzi, ndikhuthula pansi pomwepa, ndipo mtsikanayu ndimuchotsa ntchito lero lomwe."

Alamu anga anagwira njakata. Amayi a m'zisakasa zoyandikana anali atayamba kale kusesa pamalo posesedwa, makutu ali kuno. Analandira kaneka, anapsontha, anayendetsa m'kamwa nthawi yaitali kufunafuna mchere umene munalibe. Ndinaona pakhosi pawo pakumeza kachiwiri, chifukwa nawonso njala inali itawakwana.

"Mulibe," anatero potsiriza. "Koma iyeyu salowa. Azisiyira pakhomo. Ndiziwamwetsa ndine."

Ine ndinavomera msanga. Akanati ndizibweretsa ndikuyenda chamutu, ndikanavomeranso.

Ndinaonera pamng'alu uja. Supuni yoyamba a Valentim anaikana, poganiza kuti ndi mizu ija. Kenako mphuno inagwira ntchito. Anatsegula pakamwa pang'ono, anatsinzina kudikira ululu, n'kumeza. Anamezanso kachiwiri, kachitatu. Itafika supuni yachisanu ndi chiwiri, dzanja lawo lotupalo linanyamuka pamphasa n'kugwira mkono wa mlongo wawo kuti asachotse kaneka. Ine ndinangokhala pansi m'fumbi momwemo.

Kuyambira pamenepo moyo wanga unali kaneka. Kasanu, kasanu ndi kamodzi patsiku ndinkayenda pakati pa khitchini ya mayi Zainabo ndi khomo lathu, pang'onopang'ono kuti lisatayike. Ndinkapereka lotsekemera lokhalokha, lofunda ngati mkaka wa m'mawere, chifukwa logona limaluma pazilonda. Chimera ndinkaviika chatsopano masiku awiri alionse kuti chisandithere. Patapita masiku atatu mayi Zainabo anatulutsa mtedza umene ankasungira tsiku la Idi, anati ndizisinja ndizithiramo pang'ono. A Sulemane nkhani ija itawafika sananyade monga ananenera akazi awo. Anachita manyazi mpaka ankati akandiona kutsogolo, ankakhotera njinga m'ngalande.

Tsiku lachinayi chiyambireni kumwa thobwa, m'mimba munayamba kugwira. Tsiku lachisanu ndi chimodzi alamu anga, osandiyang'ana, anauza khoma kuti lilime lasiya kufiira. Kenako a Valentim anayamba kutaya madzi pafupipafupi, ndipo nkhope inayamba kuphwa. Maso anatuluka. Pa akakolo panaoneka makwinya. Ine ndinkawerenga makwinya amenewo pamng'alu ngati mlimi wowerenga mphukira.

Koma kutupa kukamachoka kumasiya poyera zimene kunabisa. Pofika tsiku lakhumi, pamphasa panagona mafupa okutidwa ndi chikopa. Nthiti zonse zinali pamtunda, mawondo akulu kuposa ntchafu. Alamu anga anatuluka m'nyumba manja ali kumutu.

"Akutha! Anali ndi thupi munthuyu, tsopano taonani! Thobwa lakoli likuwasungunula ngati mmene limasungunulira phala!"

"Sanali mnofu uja, alamu, anali madzi."

"Khala chete! Mawa kukubwera koluna. Ndiwakweza, ndipita nawo kuchipatala ku Cuamba. Kaneka yakoyo usabwere nayonso."

Koluna unali mndandanda wa magalimoto oyenda pamodzi moperekezedwa ndi asilikali, chifukwa galimoto yoyenda yokha pamsewu wa ku Cuamba siinkafika. Ulendo umene kale unali wa tsiku limodzi unkatenga masiku awiri kapena atatu, anthu atakhala pamwamba pa matumba, dzuwa likuwaotcha, ndipo si onse amene ankafika. Ndinadziwa kuti amuna anga akakwera pamenepo opanda choti n'kumeza, sindidzawaonanso. Koma mawu anga m'nyumba imeneyo anali atatha mphamvu.

Koluna inafikadi m'mawa mwake, fumbi lili koboo. Alamu anga anapita kukapempha malo kwa woyendetsa, ndipo woyendetsayo anati sanyamula wodwala popanda kuonedwa ndi enfermeru, namwino wa boma amene anabwera nawo kuchokera ku Cuamba. Alamu anga anabwera naye kunyumba. Anali bambo wamfupi wa dazi, dzina lake Amade, atanyamula kachikwama kachikopa kong'ambika pakona. Ankalankhula Chinyanja chopendekera ku Chimakuwa. Atafika pakhomo anandipeza nditaima ndi kaneka yanga, chifukwa ndinabwera nayo ndithu.

"Inu ndinu ndani?"

"Ndine mkazi wawo."

"Nanga mwaimiranji panja? Lowani mundigwirire wodwala."

Alamu anga anatsegula pakamwa, koma mlendoyo anali atawerama kale kulowa. Ndinalowa m'nyumba mwanga koyamba patapita masabata awiri.

Anawadina miyendo, anawayang'ana m'maso, m'khosi, kunja kwa manja. Anawatsegulitsa pakamwa n'kuyang'anamo nthawi yaitali. Anafunsa mmene analili pobwera, ndipo alamu anga anafotokoza zonse, kupatula nkhani ya ine, imene anachita nayo manyazi pamaso pa munthu wa boma.

"Matendawa ndawaona kambirimbiri kwa anthu ochokera kutchire," anatero a Amade. "Ndi njala. Thupi likasowa chakudya nthawi yaitali limadzaza madzi, m'kamwa ndi m'matumbo mumatupa n'kuchita zilonda. Ambiri amandipeza mochedwa. Koma awa zilonda zikupola. Mukuwapatsa chiyani?"

Alamu anga analoza kaneka ndi mlomo. A Amade anainyamula, ananunkhiza. Kulawa sanalawe, nawonso anali atamanga.

"Chimera cha mawere?"

"Inde, bambo. Ndi nsinjiro pang'ono," ndinayankha.

"Wapanga ndani?"

"Ndine."

Anagwedeza mutu. "Mbewu ikayamba kumera imakhala yadzuka, siikhalanso ngati youma ija. Kusukulu aphunzitsi athu ankati mmenemo mumakhala tinthu tina tothandiza kuziziritsa kutupa kwa m'kati. Ine tinthuto sindinationepo ndi maso, ndipo sindikuti thobwa ndi mankhwala a matenda onse. Mwina chachikulu n'chakuti munthuyu wapeza chakudya chimene chikudutsa pakhosi. Koma lilime ili ndikuliona ndi maso anga." Anatembenukira kwa alamu anga. "Kuwonda uku musaope, mayi, ndiye thupi lawo lenileni. Pa koluna sindiwalola. Msewu uja ungawaphe tsiku loyamba. Akhale pompano, azimwa chomwechi, kenako muyambe phala la nyemba zosenda."

Anapisa m'kachikwama muja, anatulutsa timapiritsi tachikasu, anawerenga khumi n'kutikulunga m'kapepala. Mtima wanga, umene unali m'mwamba kuyambira dzulo lake, unatsika n'kukhala m'malo. Ndiye ponyamuka anawonjezera mawu amodzi.

"Koma mchere muyambe mwausiya. Munthu wotupa chonchi mchere umamuwonjezera."

Alamu anga anaomba m'manja. "Mwamva? Mwamva nonse? Mchere! Ngakhale a chipatala anena! Ine ndinanena kuti nkhani yake ndi ya mchere!"

A Amade anangoti kakasi, osadziwa kuti aponda pati. Ine ndinafuna kudziponya pansi. Munthu uja anapulumutsa amuna anga kumsewu, n'kundimangiriranso ine pamtengo womwe uja osadziwa.

Pamenepo pamphasa panamveka phokoso ngati la chitseko cha dzimbiri. Tonse tinatembenuka.

"Mlongo."

Anali mawu oyamba kutuluka bwinobwino chibwerereni. Alamu anga anagwada msanga.

"Mlongo, tamvera." Ankalankhula liwu limodzilimodzi, akupuma pakati. "Osenza katundu tinalipo khumi ndi anayi. Tinkadya makoko a chinangwa. Mchere sitinauone miyezi isanu. Tinatupa tonse. Asanu ndi mmodzi tinawasiya m'njira." Anapuma nthawi yaitali. "Wina anali mnyamata wosakwatira. Wina mkazi wake anamwalira kalekale. Kodi Margarida anatidula tonse?"

A Amade anayang'ana alamu anga, anayang'ana ine, ndipo ndinaona nkhani yonse ikuwalowa m'mutu. Anatsokomola, anatseka kachikwama kawo, anati koluna ikuwadikira. Panja amayi osesa aja anamwazika mmodzimmodzi.

Alamu anga anatuluka. Anakhala kuseri kwa nyumba mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ndinawamva akulira, kulira kwenikweni, kotchula dzina la amuna awo amene anafera panjira aja. Mkwiyo umene ndinawasungira masabata awiri unayamba kundithawa, ngakhale ndinkayesetsa kuugwira. Pobwera ananyamula mphasa yanga pansi pa tsindwi, anaikung'untha fumbi, n'kukaiyala mkati pambali pa mchimwene wawo. Pepani sananene, ndipo mpaka anamwalira zaka zambiri pambuyo pake sananenepo. Anangoti, "Alamu, mawere aja mumaviika tsiku lonse kapena theka?" Inu uja anali atabwerera.

Patapita masabata atatu a Valentim anayamba kutuluka panja ndi ndodo. Ndinawapatsa ntchito yoyenera msinkhu wawo watsopano: kukhala padzuwa pambali pa mphasa ya chimera, kuingitsa nkhuku za eni ake. Ntchitoyo ankaigwira moipa kwambiri. Ankayamba kucheza nazo nkhukuzo.

Tsiku lina m'mawa ndinakhala pambali pawo ndikupeta. Alamu anali atapita kuchitsime. Funso limene linkandilasa ndinalephera kulisunganso.

"Bambo a Agnesi, tsiku lija alamu anandinena, ine ndinakuyang'anani. Bwanji munatembenukira kukhoma? Mutu wokha simukanatha kupukusa?"

Anayamba kukanda pansi ndi ndodo. Ndinkayembekeza kuti anena kuti khosi linali louma, kapena kuti sanamve. Ndikanalandira bodza limenelo ndi manja awiri.

"Ndinakhulupirira," anatero.

Lichero linaima m'manja mwanga.

"Anzanga aja ndinkawakumbukira, sikuti ndinaiwala. Koma munthu ukamafa umafuna wina woti umuloze chala, wapafupi, woti ukumuona. Amfuti aja anali kutali. Iwe unali pomwepo." Anayang'ana chimera chija pamphasa. "Thobwa lija litabwera ndinalidziwa fungo lisanafike pakamwa. Ndinati ili ndi la Margarida. Ndiye ndinati, kaya wandidula kaya sanandidule, ndimwa. Ndikafa ndife ndi la mkazi wanga m'mimba. Nzeru zinabwera pambuyo, mimba itayamba kukhuta."

Ndinaika lichero pansi bwinobwino kuti mawere asatayike. Kenako ndinawatsegulira pakamwa. Ndinawauza za mphasa ya panja, za udzudzu, za amayi a kuchitsime, za mapazi anga amene anatha ndi kaneka, za munda wawo wa chinangwa umene ndinawaletsa mpaka mawu kusasa. Ndinawatchula maina ena amene mkazi wa mpingo sayenera kuwadziwa n'komwe. Misozi inali chuchuchu, mamina ali pomwepo, nkhuku zonse zinathawa popanda woziingitsa. Iwo anangokhala, mafupa awo ali padzuwa, akundiyang'ana, ndipo ndinaona kuti akumwetulira ndi milomo yawo yongopola kumeneyo.

"Mukuseka chiyani?"

"Pitiriza, make Agnesi," anatero. "Kutchire kuja, usana ndi katundu pamutu, ndinkapempha Mulungu kuti andisunge ndidzamvenso ukundikalipira."

Ndinapitiriza ndithu, chifukwa zonena zinali zisanathe.